Mwendo wa Rosa ndi Dzina la Mjeremani

Maulendo ndayendapo ambiri, ena apansi ena apagalimoto, koma umene ndimafotokoza anthu akandiumiriza ndi wa masiku asanu ndi limodzi, kuchokera kumudzi kwathu m'njira ya ku Molumbo kukafika ku Chiringa, ku Malawi. Khwangwala akanauyenda m'mawa umodzi. Ine ndinauzungulitsa phiri lonse la Mulanje, ndili ndi mkazi wodwala, chifukwa cha dzina limene ndinaliona papepala.

Ndiyambe ndi ineyo, poti mutu umene unakonza ulendowu ndi wanga. Sukulu ndinangoinunkhiza: zaka ziwiri kwa ansembe, kenako khasu. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa nyuzipepala zokulungira usipa, pa zitini za mafuta, pa chilichonse chokhala ndi zilembo. M'mudzi anandipatsa dzina loti Pulofesoro. M'malo mozindikira kuti akundiseka, ndinayamba kuyenda ndi cholembera m'thumba la malaya, cholembera chimene inki yake inauma nkhondo isanayambe.

Mkazi wanga ndi Rosa. Bambo ake anali Mjeremani wokonza makina pa fakitale ya tiyi ku Milange, nthawi ya Apwitikizi. Anachoka Rosa akukwawa, osabweranso, osatumiza ngakhale kalata. Anamusiyira khungu loyererapo, limene pankhondo linali katundu wolemera, ndi dzina pa chikalata cha ubatizo: Rosa Salzsieder. Anthu ankangoti Sasida. Ine ndekha m'mudzi monse ndinkatha kulilemba lonse pamchenga, ndipo ndinkalilemba ngakhale popanda wondipempha. Tanthauzo lake sindinkalidziwa.

Miyezi ingapo tsoka lisanatigwere, mnansi wathu Lusiano anabwerako ku Malawi, kumene ankagwira ganyu yokumba mijigo m'misasa ya othawa nkhondo. Anabwera ndi kalata yomuchitira umboni kuti ndimuwerengere. Chingerezi chake ndinachidutsa mopunthwapunthwa, koma pansi pake ndinaima. Mzungu amene anasaina anali ndi dzina la Rosa lomwe lija, chilembo ndi chilembo.

"Mzungu ameneyu ali kuti, a Lusiano?"

"Cha ku Phalombe uko. Wamtali, wosayankhulayankhula. Bwanji, a Pulofesoro, wakulemberani moni?"

Ndinathamanga kukauza Rosa. Anali akusenda chinangwa, ndipo sanadzutse nkomwe mutu. "Ngati ndi mbale wanga," anatero, "abwere adzatithandize kupalira."

Chaka chimenecho asilikali a boma anali atabwerera ku Milange, koma kumidzi kunali kwa aliyense amene wagwira mfuti. Mvula ili pakati, Rosa ankapita kumunda ali pambuyo pa mayi wina. Mayiyo anaponda bomba lokwirira, nafera pomwepo. Kachitsulo kanalowa m'katumba ka Rosa, mwendo wamanzere. Masabata awiri tinayesa zitsamba ndi madzi otentha. Sabata lachitatu m'nyumba munayamba fungo limene aliyense wa nthawi ya nkhondo ankalidziwa.

Ine m'mudzi uja ndine mkamwini. Woyenera kunena mawu pa moyo wa Rosa anali malume ake, a Manueli, koma asilikali a m'tchire, olimbana ndi boma, anali atawatenga kukasenza katundu ndipo sanabwerere. Mlongo wake Zakariya tinamuika tokha chaka cham'mbuyo. Mbumba inatsala yopanda mwini. Mwana wathu Tereza tinamusiya kwa akazi a Lusiano, ndinakweza Rosa pakaliyala, chikalata cha ubatizo ndinachipinda m'kapulasitiki, tinanyamuka kukucha.

Njinga yanga inali ndi udzu m'tayala lakumbuyo m'malo mwa chubu, choncho sindinkapalasa, ndinkangokankha. Njira zachidule zolowera ku Malawi zinali zotcheredwa mabomba, tinatsata msewu waukulu. Lamulo lake linali limodzi: ponda pamene paponda mnzako. Tsiku lonse maso anga anali pa mapazi a anthu osawadziwa. Za mapiri ndi mitengo musandifunse, sindinazione. Ndinaona lole yopsa, nsapato imodzi ya mwana, ndi mango akuolera pansi popanda wotola. Rosa ankagwira chishalo ndi manja awiri, osabuula. Tikagunda mwala ankangoti, "Bambo a Tereza, mukundiyendetsa ngati nkhuni."

Tinagona m'sukulu yopanda denga. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, tinapeza mtengo utapingasa msewu ndi asilikali anayi pansi pa mpoza.

"Giya," anatero wamkulu wawo, kutanthauza kalata yoyendera.

Ndinalibe. Woti alembe giya kwathu anali atathawa kalekale. Ndinayamba kufotokoza m'Chipwitikizi changa cha pazitini, iye anandidula m'Chilomwe, akuyang'ana Rosa.

"Mzungu uyu mwamuba kuti?"

"Ndi mkazi wanga, shefi," ndinatero, kutanthauza bwana.

"Ndiye muli ndi mwayi kawiri. Mkazi woyera, ndi njinga." Anazungulira njingayo, kudina tayala la udzu, kuseka. Kenako fungo linamupeza, kuseka kunatha. Anavundukula nsalu ya pamwendo ndi nsonga ya mfuti, nkubwezeretsa. "Kolona ikudutsa lero. Mukwera. Njinga itsala, ikagwire ntchito ya dziko."

Kolona inali mndandanda wa malole woperekezedwa ndi asilikali, ndipo lero lake linali la dzuwa litapendeka. Tinadikira pamthunzi, ine ndikuonerera msilikali wamng'ono akuphunzira kupalasa njinga yanga, kugwa, kudzuka, kuitukwana. Ndinafuna kumuuza kuti mabuleki ake ndi phazi, koma ndinati adziphunzire yekha monga ndinaphunzirira ine kuwerenga.

Anatikweza pamwamba pa matumba a chimanga. Pambali pathu panagona msilikali wovulala pamimba, amene ankapempha madzi ulendo wonse, anzake nkumamukaniza. Lole ikaima aliyense ankakhala chete kumvetsera tchire. Tinalowa m'Milange kukuda, msilikali uja atasiya kupempha.

Milange ndinkaidziwa ya masitolo ndi fungo la buledi. Ndinapeza makoma okhaokha. Kuchipatala, kumene ndinkayembekeza chithandizo, bambo wina wosesa anangondilozera kumadzulo ndi tsache lake. "Wolokani, achimwene. Kuno ngakhale ulusi wosokera munthu kulibe."

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinabereka Rosa mpaka miyendo inandikana. Pamenepo panadutsa mwamuna wa wilibala, mmodzi wa onyamula katundu wa pamalire. Ndinalibe chomupatsa. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka pathumba la malaya.

"Chimalemba chimenecho?"

"Chinkalemba."

"Bweretsani. Ndizikanda nacho m'khutu."

Umu ndi mmene upulofesoro wanga unathera, ndipo Rosa anawoloka malire a dziko atakhala m'wilibala yonunkha makala, mwendo uli panja.

Ku Muloza kunali anthu ngati nyerere, onse akwathu, onse pamzere. Mzere wolembetsa, mzere wa ufa, mzere wa madzi. Fungo la mwendo linatidulira mzere wa kuchipatala. Anthu anangopatuka okha. M'tenti munali dokotala wamng'ono, Mmalawi wamfupi wa magalasi omanga ndi waya. Anamasula nsalu, kuyang'ana, kudina pamwamba pa chilonda. Kenako anatenga cholembera, chake chinali cholemba, najambula mzere pakhungu la Rosa, zala zinayi pansi pa bondo.

"Apa," anatero. "Galimoto ya odwala inyamuka masana ano kupita ku boma. Akadula apa, bondo litsala, adzayenda ndi mwendo wamtengo. Inu ndinu mwamuna wake? Mukavomere kumeneko."

"Ine ndine mkamwini chabe, adokotala."

"Ndiye?"

"Mwendo wa munthu si chinangwa choti mkamwini angozula. Pafunika mbale wake. Akakafera pampeni, ndidzayankha chiyani kwa eni mbumba?"

"Eni mbumbawo ali kuti?"

"Anatha. Koma alipo mmodzi ku Phalombe."

Anavula magalasi aja, kupukuta maso. Zikuoneka kuti sindinali woyamba. "Bambo, chilonda sichidziwa za chikamwini. Mzere uwu umayenda. Tsiku lililonse ukwera."

Tinkakambirana pamwamba pa Rosa ngati pamwamba pa thumba la chimanga. Iye anali atatembenukira kunsalu ya tenti, thukuta lili kamukamu.

Ine maganizo anga anali atakhazikika kale. Kwathu Mbewe akakumana ndi Mbewe mnzake, kaya ndi ku Beira kaya ku Joni, amagawana mphasa; wina akafa, winayo ndiye mwini maliro. Ndiye Salzsieder ndi Salzsieder angakhale alendo bwanji? Zoti mfunda wa bambo si umene umasunga mbumba ndinkazidziwa bwino, koma munthu akamira amagwira ndi udzu womwe. Ndinawerengera kuti Phalombe ndi tsiku limodzi, kubwerera ku boma tsiku lina. Ndinadzimva wanzeru kwambiri tsiku limenelo. Dokotala uja anabaya Rosa jakisoni, kutipatsa mapiritsi m'kapepala, osanditsanzika.

Tinapeza lole ya tiyi yopita ku Mulanje. Woyendetsa anatikweza kumbuyo pamodzi ndi amayi othyola tiyi, amene anatipatsa malo ambiri kuposa amene tinkafuna. Tinadutsa Limbuli, minda ya tiyi, minda ina ya tiyi. Nthenda yanga yowerenga zikwangwani mokweza sinandisiye. Ndinawerenga cha sitolo, cha sukulu, cha tchalitchi. Tikulowa m'boma ndinawerenganso china, mawu atatuluka kale ndi pamene ndinamva chimene ndanena.

"Mwati chiyani, bambo a Tereza?"

"Palibe. Chikwangwani chabe."

Chinali cholozera kuchipatala. Tinachidutsa pa liwiro la munthu wothamanga. Ndikanamenya denga la lole ndi chikhatho, woyendetsa akanaima.

Anatitsitsa pa Chitakale, pamene msewu wa ku Phalombe umapatukira. Apa ndi pamene tsiku limodzi lija linayamba kuswana. Mvula inali itagwa kuphiri, mtsinje wa Likhubula unadzaza, magalimoto onse anaima. Tinakhala pakhonde la sitolo yotseka, pamodzi ndi ena odikira. Tsiku lachinayi lonse linathera pomwepo. Galimoto ikamveka tonse tinkaimirira, nkukhalanso. Wina ankati madzi aphwa masana, wina ankati mlatho wapita, wina ankati iye anaona ndi maso ake ng'ombe ikuyandama. Onsewo anali asanachoke pakhondepo chiyambire dzulo lake.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anamva Rosa akubwebweta m'Chilomwe, nabwera ndi phala m'kapu. Anamumwetsa ndi supuni, kumupukuta kumaso ndi chitenje chake, kenako anandiyang'ana.

"Inu bambo, chipatala mwachisiya kumbuyoku. Mukupita naye kuti munthuyu?"

"Kwa abale ake, mayi."

Anayang'ana mwendo, kuyang'ana ine. "Oho. Ngati ndi kwa abale, chabwino. Mufike naye msanga." Ndinakondwa kuti ndapeza wondivomereza. Patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti mayi uja ankaganiza kuti ndikukatula munthu akafere kwawo.

Masana ndinamasula nsalu kuti nditsuke chilonda. Kuda kunali kutafika pamzere wa inki. Ndinamanganso msanga, ngati kuti ndikabisa ndiye kuti kuima.

Tsiku lachisanu kunabwera kagalimoto ka bambo wogula matemba ku Chilwa, kodzaza madengu opanda kanthu. Ndinamupatsa jekete langa, anatikweza. Munalinso mlaliki wa chipewa choyera ndi mkulu wina wa mbuzi. Tisanapite patali, mwini galimoto anatulutsa mutu pawindo.

"Akulu, ine fungo ndi ntchito yanga, koma ili ndi lina. Mukhale chakumbuyo."

"Musatero," anatero mlaliki. "Tonse ndife dothi."

"Dothi ndilibe nalo mlandu, abusa. Dothi silinunkha chonchi."

Rosa anatsegula maso. "Pepani, bambo. Ndikanatha kuusiya pakhomo ndikanausiya."

Mkulu wa mbuzi anasuntha mbuzi yake kuti Rosa atsamire dengu.

Pa Likhubula madzi anali ataphwa, koma matope anatigwira katatu. Amuna tinkatsika kukankha, mlaliki akutsogolera ndi mawu okha. Pachithaphwi chachitatu nsapato yanga yakumanja inatsalira pansi. Ndinaifufuza ndi mkono mpaka paphewa, osaipeza. Ndinalowa m'Phalombe ndi nsapato imodzi, ndikutsimphina kumbuyo kwa anthu amene ananyamula mkazi wanga, moti wina anafunsa kuti wodwala ndi uti.

Ku Phalombe mzungu wa mijigo aliyense ankamudziwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti anasamuka. Anamaliza kukumba sabata latha, ali ku Chiringa. Nditamva zimenezo ndinakhala pansi pamsewu. Munthu wina anandiuza kuti pafupi pomwepo pali chipatala cha mishoni. Ndinayankha kuti ndikudziwa, ndawerenga chikwangwani. Ndinali nditayenda kwambiri moti kubwerera m'mbuyo kukanatanthauza kuti masiku awiri aja ndinawataya chabe, ndipo mtima wanga sunafune kumva zimenezo. Tinagona pakhonde la tchalitchi.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi mwayi unatiseka pang'ono. Thirakitala yonyamula mapaipi a mzungu yemweyo inkapita ku Chiringa. Tinakhala pamwamba pa mapaipi, ine nditagwira Rosa m'chiuno, mapaipi akulira ngati mabelu. Thupi lake linkatentha kudutsa malaya anga. Anali atasiya kundiseka, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa fungo.

Tinamupeza kuseri kwa msasa, pamakina okumbira, matope mpaka m'tsitsi. Ndinkayembekeza nkhalamba ya ndevu. Anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, wamtali ngati mlongoti. Antchito ake ankamutcha Bwana Mjigo. Ndinagwada, kuomba m'manja, kuyamba malonje monga mwa mwambo: kumene tachokera, mmene tayendera, za mvula. Iye anamvetsera pang'ono, maso ali pa munthu amene anagona pamapaipi. Chichewa ankachiyankhula pang'onopang'ono, ngati akuwoloka mtsinje pamiyala.

"Bambo, mayi awa akudwala kwambiri. Chifukwa chiyani mwabwera kwa ine? Ine ndimakumba madzi."

Ndinatulutsa kapulasitiki kaja. Anapukuta manja pabuluku, kutambasula chikalata, kuwerenga. Anawerenga nthawi yaitali kuposa mmene mawu ake analili. Kenako anapita pathirakitala, kuyang'ana nkhope ya Rosa, kuyang'ana mwendo, nanena mawu amodzi m'chiyankhulo chake. Anamunyamula yekha kukamugoneka pampando wakumbuyo wa galimoto yake.

"Kwerani. Tiyankhula m'njira."

Tinabwerera msewu womwe tinadzera, kulowera ku mishoni ija ndinaidutsa dzulo lake. Ine, ngakhale zinthu zinali choncho, funso limene linandisautsa zaka zambiri linatuluka lokha. Ndinafunsa tanthauzo la dzinalo.

Anati ndi wophika mchere. Kwawo, kalekale, kunali akasupe a madzi amchere, ndipo kunali anthu amene ntchito yawo inali kuwiritsa madziwo m'ziwaya zazikulu usana ndi usiku mpaka patsale mchere. Munthu ankatchedwa ndi ntchito yake, ana nkutengera dzinalo ngakhale ntchito itatha. Anati maina a opera tirigu ndi osula zitsulo adzaza dziko lonse ngati a Phiri ndi a Banda kuno, chifukwa mudzi uliwonse unali ndi mphero ndi chipala. Koma akasupe amchere anali m'malo owerengeka, ophika ake ochepa, ndipo dzinalo silinafalikire.

"Moyo wanga wonse," anatero, "sindinakumane ndi munthu wa dzina ili amene si wa banja lathu. Lero ndi loyamba. Kapena si loyamba."

Analimbana ndi chiwongolero m'matope. Kenako anati agogo ake aamuna anali ndi mng'ono wawo wodziwa makina, amene anapita ku Afirika nkhondo yakwawo itatha. Analemba makalata zaka zingapo, kenako zii. Kunyumba sankamutchula kawirikawiri. "Kapena ndi iye. Kapena ayi. Sindingathe kulumbira."

Ndinali nditalondola. Pulofesoro wa nsapato imodzi anali atalondola, ndipo ndinatembenuka kuti Rosa aone nkhope yanga. Maso ake anali otseka.

"Ndiye inu ndinu mwini mbumba," ndinatero. "Ku Muloza anati mwendo udulidwe. Ine mkamwini sindingavomere. Tabwera kuti muvomere ndinu."

"Ku Muloza? Liti?"

"Masiku atatu apitawa."

Anaimitsa galimoto pakati pa msewu. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akufunafuna mawu a Chichewa amene sanawaphunzire. Atalephera anangoti, "Masiku atatu." Kenako: "Bambo, kwathu dzina silipatsa munthu mphamvu imeneyo. Ngakhale mlongo wanga wa bere limodzi, sindinganene za mwendo wake. Mwendo ndi wa mayi awa. Munawafunsa?"

Ndinali ndisanamufunse.

Anatembenukira kumbuyo, nagwira Rosa paphewa mpaka anatsegula maso. "Achemwali. Madokotala akufuna kudula mwendo. Inu mukufuna chiyani?"

Rosa anamuyang'ana nthawi yaitali, mwina kufunafuna bambo ake pankhope yamatopeyo. Mawu ake anali ouma koma omveka.

"Adule. Mwendowu ndinatsanzikana nawo tili kumudzi. Akanandifunsa ku Muloza ndikananena chomwechi."

"Mayi a Tereza, bwanji simunanene?"

"Munali mkati moyankhula, bambo a Tereza. Inu mukayamba kuyankhula zanzeru, munthu amalowera pati?"

Sananene mokalipa. Ndikanakonda akanakalipa. Galimoto inanyamukanso, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumishoni sindinawerenge chikwangwani chilichonse.

Kuchipatala anamulandira mwachangu. Dokotala wake anali mayi wachikulire, sisitere. Ndinamuuza kuti ku Muloza anajambula kale mzere. Anaufunafuna ndi chala, naupeza m'kati mwa kuda, inki ikuoneka pang'ono. Anakweza dzanja kudutsa bondo, kudina, kukwezanso, kudina, mpaka pamene Rosa anati akumva kuwawa. Pamenepo, pakati pa ntchafu, anajambula mzere wina. Chikalata chovomera anachipereka kwa Rosa, iye anadinda chala chake.

Anamulowetsa. Mlonda wa pachipatala, nkhalamba ya Chilomwe, anatiuza kuti kuseri kwa mabulugamu kuli malo amene abale amakwirira ziwalo zotere, chifukwa anthu akwathu salola kuti gawo la munthu wamoyo litayidwe ngati zinyalala. Anandibwereka khasu. Ndinakondwa kupeza chochita ndi manja. Ndinapita kukakumba mvula ikuwaza, ndipo muyeso ndinatenga pamwendo wanga, kuchokera pansi pa bondo kufika kuchidendene. Sindinaganize. Ndi muyeso umene ndinali nditausenza m'mutu masiku atatu.

Dzuwa litapendeka namwino anatuluka. Anati Rosa ali moyo, akupuma bwino, malungo ndiwo atsala kulimbana nawo. Ali moyo mpaka lero. Amayenda ndi ndodo ziwiri, chifukwa mwendo wamtengo wopanda bondo unamukana. Namwinoyo anali atanyamula chinthu chokulungidwa m'nsalu yoyera.

"Mbale wake ndani?"

Ine ndinayang'ana pansi. Mjeremani uja anayang'ana ine, kuyang'ana nsaluyo, natambasula manja onse awiri.

Tinayenda kupita kumabulugamu, iye patsogolo, ine pambuyo ndi khasu, mlonda akutitsatira chapatali. Pa dzenje anagwada, natsitsa mtolowo mosamala. Unakana. Anautembenuza, kuyesa chopingasa. Unatsala kunja pafupifupi mkono umodzi wa mwana. Anaunyamulanso, kuufukata pachifuwa, naimirira pamvula, madzi amatope akutsika m'tsitsi lake kugwera pansalu.

"Palibe kanthu, alamu," anatero. "Ndidikira."

Ndinalowa m'dzenjemo ndi phazi lopanda nsapato, ndinayamba kuonjezera.